ZA PA BANJA: TAYESA GALIMOTO YOTCHEDWA PREMIO



Mwezi wathawu tinakambirana za denga ndi mvula. Mwezi uno tiri ndi nkhani ina, imene anatitengera aphunzitsi ena opuma ntchito a kuno ku Misesa. Aphunzitsiwa anagwira choko zaka zambiri, ndipo tsopano alandira ndalama zao zopumira. Anafika kwathu madzulo ena, nakhala pansi, natulutsa foni m'thumba, natisonyeza chithunzi cha galimoto yoyera mbee, nati: "Achimwene, mtima wanga wagwa pa iyi. Kodi ndilakwa?" Ife sitinathe kuwayankha pomwepo, pakuti ndalama zimene munthu wazikhetsera thukuta moyo wake wonse sizibwera kawiri, ndipo funso lotere siliyankhidwa ndi chithunzi ai. Tinawapempha kuti tiyambe taiona ndi maso, taikwera, taifikitsa pakhomo pao. Zimene tinapeza tizilemba pano, popeza tidziwa kuti mabanja ena ali ndi funso lomweli.

Dzina la galimotoyo ndi Toyota Premio, ndipo amene ayenda m'miseu ya Limbe ndi Blantyre aidziwa bwino, pamodzi ndi mbale wake Allion. Awiriwa ndi mapasa: mafupa ndi injini n'zimodzi, asiyana nkhope yokha. A Toyota anayamba kuwapanga ku Japan m'chaka cha 2001, natulutsa mtundu wachiwiri m'chaka cha 2007, naleka kuwapanga m'chaka cha 2021. Chifukwa chake musanyengedwe ndi utoto: Premio yatsopano kulibe. Iri yonse mudzaiona inayamba yatumikira mwini wina. Ku Japan lamulo lifuna kuti galimoto iyesedwe ikatha zaka zitatu, ndipo pambuyo pake zaka ziwiri ziri zonse. Kuyesako kudya ndalama, ndipo ambiri agulitsa galimoto isanakalambe. Anthu a kumeneko ayenda kumanzere kwa mseu monga ife, chiongolero chiri kudzanja lamanja, ndicho chifukwa chake magalimoto ao atikomera kuno.

Msinkhu wake ndi wapakati. M'litali iri ngati mamita 4.6, koma m'lifupi sifika mamita 1.7, pakuti anaipima kuti ilowe m'gulu la magalimoto ang'ono monga mwa malamulo a kwao. Kuchepa m'lifupiku ndi mwai kwa ife okhala m'makwalala opanikizika, m'mene mpanda wa uyu uyang'anizana ndi bafa la uyo. Itenga anthu asanu. Mpando wa kumbuyo uli ndi malo okwanira miyendo ya munthu wamkulu, ndipo utha kutsamira pang'ono, chinthu chimene agogo adzachiyamika pa ulendo wautali. Injini ziripo zitatu, ndipo muzizindikira ndi chilembo chimene chiri kumbuyo: F ndi ya malita 1.5, X ndi ya 1.8, G ndi ya 2.0.

Tsono Loweruka lina tinapita ku Limbe kwa munthu amene anali kugulitsa yoyera ija, ya chilembo F, ya mtundu wachiwiri. Tinali asanu: aphunzitsi, mai a kunyumba kwao, makaniko wina wachikulire wa ku Ndirande amene tinampempha, wogulitsa, ndi ife. M'buti tinaikamo matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, nalowa bwino, malo ena natsala. Wogulitsa anaseka, nati sanaonepo anthu oyesa galimoto ndi chimanga. Mai aja anamyankha mofatsa kuti: "Achimwene, ife sitigula yopita nayo kuukwati kokha ai."

Pa mseu wa Midima galimotoyo inatikondweretsa ndithu. Iyenda mwa phee, kotero kuti wa kumbuyo alankhula ndi wa kutsogolo osakweza mau. Mabuleki amvera, ndipo maenje ang'ono iwameza osagwedeza msana. Koma pamtunda, ndi anthu asanu ndi chimanga, injini ya 1.5 inalira kwambiri, liwiro likudza pang'onopang'ono. Aphunzitsi anachita mantha, nayesa kuti chinthu chaduka. Makaniko anawatonthoza. Mtundu wachiwiriwu uli ndi giyabokosi yotchedwa CVT, imene siisintha magiya limodzi limodzi monga zakale zija. M'kati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pa mikombero iwiri imene ikula ndi kuchepa, ndipo pamtunda injini iyamba yakwera mau, liwiro litsata pambuyo. Si matenda ai, ndi chibadwa chake. Komabe tinaona kuti amene afuna kupitirira lole pamtunda ndi katundu wotere, ayenera kudikira malo oonekera patali.

Mlandu weniweni unayamba pamene tinasiya phula ndi kulowa mseu wa kwa aphunzitsi. Inu a ku Misesa, a ku Chilobwe, a ku Bangwe ndi a kumtunda kwa Ndirande mudziwa chimene tinena. Mvula ikagwa, madzi otsika m'phiri asandutsa mseu ngalande, nasiya miyala iri tuu. Ndipo m'mwezi wa March chaka cha 2023, pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, miseu yambiri ya mbali ino inang'ambika koopsa. Mimba ya Premio italikira pansi masentimita ngati 16 yokha ikakhala yopanda katundu; mukaikweza banja ndi chimanga, itsika. Tisanayende mamita mazana awiri tinamva "khoo!" pansi pa mapazi athu. Tinatsika atatu, woyendetsa nadutsa chopingasa, ndipo inapita. Patsogolo pang'ono panali ngalande ina, pafupi ndi chipata cha aphunzitsi, ndipo pamenepo sinathe ndithu. Galimoto imene inauluka pa Midima inaima mamita makumi asanu kuchokera pakhomo pamene iyenera kugona usiku uli wonse.

Tikhalitse pano, pakuti apa ndipo pagona nkhani. Ogula ambiri ayesa galimoto pa mseu wa Chipembere, pamene ngakhale ngolo iyenda bwino, naiwala kuti mseu umene idzaupondaponda m'mawa ndi madzulo ndi wa kunyumba kwao. Pansi pa galimoto pali mphika wa oyilo wa injini, pali paipi ya utsi, pali mikono yogwira matayala. Mwala umodzi ukaboola mphika uja, woyendetsa osazindikira, oyilo atha, injini ipsa, ndipo mtengo wa injini ina ndi fizi ya mwana ya chaka chathunthu kapena kuposa. Ena akweza galimoto poika timiyendo pamwamba pa masipuling'i. Kukweza pang'ono kuthandiza, sitikana. Koma wokweza kwambiri atopetsa ziwalo zotembenuza matayala a kutsogolo, ndipo galimoto iyamba kupendama pokhota. Mbuzi simuisandutsa bulu poimangirira ndodo kumiyendo.

Pamene tinali kukambirana izi, makaniko uja anayala thumba pansi, nalowa kunsi kwa galimoto ndi tochi. Atatuluka sanafulumire kulankhula. Anatsegula chitseko, nayang'ana mphira wa pa buleki, nasisita chiongolero, nakhala pa mpando wa woyendetsa, nayang'ananso nambala ya makilomita, imene inali kuonetsa 60,000 ndi pang'ono. Pamenepo anati: "Bambo, nambala iyi ndi ya mwana, koma mphira uyu ndi wa nkhalamba." Mphirawo unali utadyeka kufikira chitsulo, chiongolero chiri see, mpando utaphwa. Anapezanso kunsi malo ootcherera, ndi dzimbiri lonenepa, longa la magalimoto ochokera kumpoto kwa Japan, kumene athira mankhwala a mchere m'miseu kuti chisanu chisungunuke. Anafunsa wogulitsa pepala la kumsika wa ku Japan, limene lilemba makilomita ndi zilema za galimoto pa tsiku logulitsa, panalibe. Anamfunsa mafuta amene anathira m'giyabokosi. Iye anati anathira "a otomatiki" wamba. Apa makaniko anapukusa mutu, pakuti CVT iri ndi mafuta akeake, ndipo ikamwa achilendo lamba uja aterereka, nafa msanga. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musaweruze mtundu wonse chifukwa cha imodziyi. Injini ya 1.5, imene amakaniko aitcha 1NZ, ndi yomweyo iri m'magalimoto ambiri a Corolla, Probox ndi Sienta, amene adzaza miseu yathu. Zitsulo zake zipezeka ku Ndirande ndi ku Limbe, zatsopano ndi zakale, ndipo palibe makaniko wozolowera amene sanaitsegulepo. Iyenda ndi tcheni m'malo mwa lamba wa mphira uja woduka mwadzidzidzi, ndipo ikalandira oyilo wabwino pa nthawi yake ikalamba ndi mwini wake. Ya 1.8 iri ndi mphamvu yoonjezera, ndipo tiiyamikira iwo amene apita kawirikawiri ku Lilongwe kapena kumudzi ndi banja lonse. Ya 2.0 ya mtundu woyamba, ya zaka za 2001 kufikira 2007, yolembedwa D-4, amakaniko athu ambiri aidandaula kuti ndi yosankha mafuta ndi yovuta kukonza, tingati ilekeni. Camry ndi yotakasuka, koma ndi yaikulu m'lifupi ndipo imwa kwambiri. Za Mark X, ya masilinda asanu ndi limodzi, tiwasiyire anyamata amene sanayambe kugula yunifomu ya sukulu.

Chatsala ndi thumba. Aphunzitsi anati, ngati iyi yaipa, aitanitsa ina ku Japan, popeza mitengo ya pa foni ioneka yotsika. Taonani, abale, mtengo umenewo ndi mutu wa njoka chabe, thupi liri m'udzu. Ulembedwa m'madola, ndipo kawirikawiri ufikitsa galimoto padoko pokha, monga pa Dar es Salaam. Kuchokera pamenepo pali makilomita oposa 900 kufika pa chipata cha Songwe ku Karonga, ndi ena onga omwewo kutsika kudzera ku Chiweta, Mzuzu ndi Lilongwe kufika kuno. Woyendetsa afuna malipiro, galimoto ifuna petulo. Pa chipata a Malawi Revenue Authority awerengera msonkho poyang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo msonkhowo si kanthu kakang'ono ai: funsani kwa iwo eni chiwerengero chake musanatumize ndi tambala yomwe. Pambuyo pake pali kulembetsa ku Road Traffic, pepala la COF, inshuwalansi, ndipo kawirikawiri matayala ndi batire. Ngakhale wailesi yake idzafuna kachipangizo, pakuti mawailesi a ku Japan agwira manambala apansi, nasiya nyumba zambiri zoulutsa mau za kuno. Ndipo idzakulankhulani Chijapani m'mawa uli wonse. Kumbukiraninso kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 m'mwezi wa May 2022, ndi 44 pa 100 m'mwezi wa November 2023. Amene galimoto zao zinali panyanja masiku amenewo anapeza kuti ndalama zimene anasungira msonkho sizikwananso.

Koma funso loposa onse analifunsa mai aja, tiri chiimire pa ngalande. Anati: "Abambo, tikapereka zonse, galimotoyi ikadzadwala tidzaichiza ndi chiyani? Nanga mtsikana wathu watsala ndi zaka ziwiri kusukulu." Aphunzitsi anakhala chete. Ife tioonjezapo ichi: galimoto ya m'mudzi ngati wathu uno si ya mwini yekha. Pakati pa usiku adzagogoda a nyumba yoyandikana, mai ali pakati, kapena mwana wakomoka, kuti muwathamangitsire ku Gulupu, ndipo simudzakana, ndiponso simuyenera kukana. Maliro adzaifuna, chinkhoswe chidzaifuna. Ambiri adzathokoza ndi mau okoma, owerengeka adzagula petulo. Thanki yake ilowa malita 60. Pitani pa filing'i siteshoni, muwerenge mtengo wa lita, muchulukitse, ndipo muyerekeze ndi ndalama zolowa m'nyumba mwanu pa mwezi. Amene anagona pa mizere ya mafuta m'zaka za 2022 kufikira 2024 adziwa kuti galimoto yomwa pang'ono ndiyo ipulumutsa tulo.

Maganizo athu tsono ndi awa. Premio ndi galimoto yabwino ya banja, yofatsa, yosavuta zitsulo, ndipo kwa amene chipata chake chiri pafupi ndi phula tiivomereza ndi mtima wonse, makamaka ya 1.5. Amene mseu wake uli miyala ndi ngalande, ayambe wayang'ana galimoto yaitali miyendo, kapena ayambe wakonza mseu. Muiyese ndi katundu wanu weniweni, muifikitse pakhomo panu, mutenge makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mumlipire. Safunsa anadya phula. Muone kuti nambala ya pa chitsulo cha galimoto ifanana ndi ya m'buku lake, ndi kuti dzina la m'bukumo ndi la amene akugulitsani. Ndalama za katapila zisayandikire nkhani imeneyi. Ndipo ngati mutagula simutsala ndi zosungira matenda a galimoto ndi a ana, nthawi yanu siinakwane.

Yoyera ija aphunzitsi sanaigule. Ndalama ziri kubanki, ndipo mai agawa pawiri m'kabuku kao: za galimoto, ndi zosakhudzidwa. Makaniko wamva za ina ya siliva ku Chilomoni, ya mwini mmodzi, imene akuti mapepala ake onse alipo, ndipo tidzapita kukaiona mwezi ukatha. Pakali pano, Loweruka liri lonse m'mawa, aphunzitsi ndi amuna anai a m'kwalala mwao ali kututa miyala ndi wilibala kukwirira ngalande ija. Dzulo tinadutsapo, afika pakati.