Marigold Kapena Tiger Lily: Tibzale Liti Pakhomo?

Ndidziwa kuti mvula ikamayandikira maganizo athu amakhala pa chimanga, mtedza ndi nyemba. Komabe lero ndati tichezeko za kabedi kaja ka maluwa kamene kali kumaso kwa nyumba, pakuti mlendo asanalawe nsima yanu amayamba waona pabwalo.

Chandiyambitsa nkhaniyi ndi funso la mayi wina wa ku Salima. Mayiwa anaona pa kalendala chithunzi cha duwa lotchedwa tiger lily, mtima nkudyoka. Tsono akufuna kuzula maluwa awo a marigold, amene akuti ndi a aliyense, kuti abzalepo lachilendolo. Ine ndawayankha kuti khasu aliike kaye pansi, ndipo zifukwa zake nazi.

Marigold mukumudziwa: ndi maluwa aja achikasu, ena a mtundu wa lalanje lakupsa, amene masamba ake amatulutsa fungo lamphamvu mukawafikisa m'manja. Pa mapaketi a mbewu mumaona aatali atalembedwa kuti African marigold, aafupi French marigold, koma maina onsewa ndi osokeretsa. Kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, kumene anthu a mtundu wa Aztec ankawalima kale Azungu asanafike, ndipo anawolokera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Mpaka lero, pa 1 ndi pa 2 Novembala, anthu a ku Mexico amakongoletsa nawo manda pokumbukira abale awo amene anatsogola. Ku India amawatunga mu ulusi kukhala nkhata zovala m'khosi pa ukwati. Choncho duwa limene ife tikulipeputsali, kwina nlolemekezeka ndithu.

Ubwino wake woyamba ndi wakuti savuta. Mukafesa mbewu, pomatha sabata imodzi yamera, ndipo pakapita miyezi iwiri mwayamba kuona maluwa. Amakonda dzuwa la tsiku lonse, ndipo akagwira bwino nthaka amapirira ngakhale mutadumphitsa masiku osathirira. Mayi amene amasenza ndowa kuchokera ku mjigo, kapena amene amalipira madzi a pampopi mwezi ndi mwezi, adziwa yekha kulemera kwa mfundo imeneyi. Powokera, siyani mpata wa masentimita 20 kapena 30. Musachulutse manyowa, chifukwa mudzakolola masamba okhaokha. Mbande zikakulako, tsinani kunsonga kuti zichite nthambi zambiri, ndipo duwa likafota lithyoleni msanga kuti ena aphuke. Ochepa okha asiyeni aume pamtengo. Mukawafikisa mudzapeza timbewu takuda tonga singano. Tisungeni mu envulopu pamalo pouma, ndipo chaka chamawa simudzatulutsa ndalama. Dziwani chabe kuti mbewu yochokera ku maluwa a haibulidi nthawi zina imabala ana osafanana ndi kholo.

Koma chimene ine ndimamukondera koposa chili pansi pa nthaka. Kodi munazulapo matimati ofota nkupeza mizu yake itatupa timfundotimfundo? Amatero ndi tinyongolotsi tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, timene timalowa m'mizu nkulepheretsa mbewu kukoka madzi ndi chakudya. Mizu ya marigold, makamaka wamfupi uja, imatulutsa mankhwala amene amachepetsa tizilomboti. Apa ndinene zoona, chifukwa ambiri amakokomeza: kubzala maluwa awiri kapena atatu m'mbali mwa dimba sikuchiza nthaka. Muyenera kudzaza bedi lonse lodwalalo ndi marigold mothithikana, akhalepo miyezi iwiri kapena itatu, kenaka mutembenuzire zonse m'nthaka ndi kubzalapo matimati. Ndiponso marigold sathamangitsa chilombo chilichonse. Nkhono zimadya mbande zake, ndipo nyengo yotentha amagwidwa ndi kangaude wofiira yemwe uja amavutitsa matimati.

Inu oweta nkhuku, makampani ena opanga zakudya za nkhuku amasakanizamo ufa wa maluwa amenewa kuti chikasu cha dzira chiwale bwino. Chilema cha marigold nchakuti moyo wake ndi wa nyengo imodzi, akatha, mufesenso. Fungo lake nalonso ena sagwirizana nalo, ndiye musamuike pa tebulo lodyera.

Tibwere kwa mlendo uja. Tiger lily kwawo ndi ku China, Japan ndi Korea, ndipo anafika ku munda wa Kew ku London m'chaka cha 1804, atatumizidwa ndi William Kerr kuchokera ku Canton. Kukongola kokha ndiye sinditsutsa. Amatalika mita imodzi kapena kupitirira, maluwa ake amazyolikira pansi, timasamba ta duwa titapindikira kumbuyo, tofiirira ngati lalanje, tokhala ndi madontho akuda. Dzinalo limandiseketsa, pakuti tiger ndi chilombo cha mizeremizere. Wamawanga chotere ndi nyalugwe wathuyu.

Duwali silifesedwa. Limamera kuchokera ku chinthu chonga adyo chimene mumakwirira pansi masentimita 15, ndipo chimaphukanso chaka ndi chaka. Mtundu wofala m'minda kawirikawiri subala mbewu, koma pamene tsamba lagwirana ndi thunthu pamamera timibulu takuda tonga nandolo. Mukatibzala timamera, koma mudzadikira zaka ziwiri kapena zitatu musanaone duwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo maluwawo akabwera amakhala milungu yochepa chabe, chaka chonse chotsalacho muli kuyang'ana masamba kapena nthaka yopanda kanthu.

Vuto lalikulu ndi nyengo. Kwawo kuja kumazizira koopsa, ndipo adyo wakeyo amafuna kugona m'nthaka yozizira kwa milungu ingapo kuti adzachite maluwa bwino. Kumeneko amaphuka mu Julaye ndi Ogasiti, chisanu chitapita kale. Amene muli kumapiri kozizira, monga ku Dedza kapena pamwamba pa phiri la Zomba, mukhoza kuyesa. Koma ku Salima, ku Mangochi, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndalama yanu idzapsera m'nthaka. Ena a m'tauni amamusunga mufiriji milungu ingapo asanabzale, koma kodi ndi angati a ife tili ndi malo otero? Safunanso nthaka yodikha madzi. Mvula ya mu Januwale ikamuima pamutu amaola, choncho bedi likhale lokwera ndi losakaniza mchenga ndi manyowa owolerana.

Pali zinanso ziwiri. Tiger lily amatha kusunga matenda a vairasi iye osaoneka kudwala, ndipo nsabwe za m'masamba zimawatengera ku maluwa ena a mtundu wa lily, choncho mum'bzale patali ndi anzake. Chachiwiri ndi mphaka. Duwali lonse, masamba ngakhale fumbi lake lija lothimbiriritsa zovala, ndi poizoni kwa mphaka: akangodyako pang'ono impso zake zimaleka kugwira ntchito. Ngati mphaka ndiye amakulonderani nkhokwe ku makoswe, ganizani kawiri.

Tsono apa tcherani khutu, amayi anzanga, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Mudzamva kuti ku China, Japan ndi Korea anthu amaphika adyo wa tiger lily nkudya, ndipo nzoona. Koma kuno kwathu, nthawi ya dzinja, m'tchire mumamera duwa lina loyanga, lofiira ndi chikasu ngati malawi a moto, timasamba take titapindikiranso kumbuyo, ndipo nsonga za masamba ake zimakoloweka pa zomera zina. Pa Chingerezi amati flame lily, ndipo ndilo duwa la fuko la Zimbabwe. Limeneli si tiger lily ayi. Mizu yake yonga timbatata ili ndi poizoni wakupha munthu, ndipo m'maiko ena anthu anafa atayiyesa chilazi. Musalawe, ndipo ana okonda kukumbakumba m'tchire muwaonetse duwali ndi kuwachenjeza. Wina akadya mwangozi, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti ayambe kusanza.

Kwa mayi a ku Salima aja ndinena kuti marigold wanu musazule. M'malo mwake sakanizani wamtali kumbuyo ndi wamfupi kutsogolo, wachikasu ndi wofiirira, mudzaona bedi likusanduka lina. Kwa inu a kumapiri amene mtima wakana kuleka, gulani adyo mmodzi kapena awiri okha, olimba bwino ndi opanda nkhungu, muwabzale kumbuyo kwa bedi pamene pamafika dzuwa la m'mawa. Kutsogolo kwake fesani marigold wamfupi kuti aphimbe nthaka, pakuti lily amakonda mutu padzuwa koma mizu pamthunzi. Ndipo zikani kamtengo pamene mwakwirirapo, kuti mwana wopalira asadzamutseme ndi khasu m'chilimwe masamba atauma.