Tisanyoze Akauboyi Oyimba

Anzathu ena muno m'sukulu, makamaka a Fomu 4, ali kunena kuti zithunzithunzi zakale za akauboyi oyimba nyimbo ndi za ana. Akuti n'zotchipa, nkhani yake ndi imodzimodzi, ndiponso munthu wanzeru sangatulutse gitala pamene adani ali kumlondola. Ine sinditsutsa kuti n'zotchipa. Koma ndiganiza kuti kutchipako ndiko kunazikometsa.

Taonani m'mene zinali kupangidwira. Kampani ya Republic Pictures, imene inayamba mu 1935 ku California, inalibe chuma chonga cha makampani aakulu a ku Hollywood. Chithunzi chimodzi chinali cha ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo anali kuchijambula masiku owerengeka. Matanthwe anali omwewo, misewu yomweyo, ndipo nthawi zina zidutswa zojambulidwa kale za akavalo othamanga anali kuzilowetsanso m'chithunzi chatsopano. Ndalama zomangira mizinda kapena zolembera khamu la asilikali panalibe. Chimene anali nacho ndicho munthu wa mawu okoma, kavalo wochenjera ndi bwenzi loseketsa. Mayi wosauka akalandira mlendo saphika ndiwo zambiri, koma zochepazo amazitendera bwino.

Wotchuka woyamba anali Gene Autry, amene anamveka mu 1935 ndi chithunzi chotchedwa Tumbling Tumbleweeds. Kavalo wake anali Champion, ndipo bwenzi lake anali Smiley Burnette, bambo wonenepa wotha kutsitsa mawu ngati chule. Mu 1938 Autry anakangana ndi kampani pa za malipiro nasiya ntchito kwa kanthawi. Pamenepo kampani inatenga mnyamata wina, Leonard Slye, nimpatsa dzina lakuti Roy Rogers.

Amene anena kuti izi n'za ana ayambe aona chithunzi choyamba chimene Rogers anatsogolera, Under Western Stars. Nkhani yake ndi ya madzi. Kwagwa chilala, ng'ombe zili kufa, koma kampani ina yatsekera madzi m'damu kuti iziwagulitsa pa mtengo wokwera. Anthu asankha Roy kuti akawalankhulire ku nyumba ya malamulo ku Washington, ndipo iye aimba nyimbo yodandaula za fumbi. Fumbilo silinali lopeka iai. M'zaka za 1930 mphepo inali kukokolola dothi m'minda ya ku Oklahoma, Kansas ndi Texas, ndipo mabanja ambiri anathawa kwawo. Anthu otere ndiwo anali kudzaza nyumba za kanema Loweruka. Mdani amene anali kumuona sanali chilombo, koma bwana wovala suti, wodziwa kulemba mapepala olandira munthu munda. Kodi nkhani yotere ndi yachilendo kwa ife amene timalipirirdwa fizi ndi fodya kapena mtedza?

Nanga nyimbozo? Apa ndipo ndidabwa ndi anzathuwa. Kodi si iwo omwe anakulira pa nthano za agogo, m'mene kamwana kothamangitsidwa ndi fisi kamaima n'kuyamba nyimbo, ife tonse n'kumavomera? Palibe anafunsapo kuti bwanji fisiyo sakagwira kali kuimba. Amayi amaimba pamtondo, abambo amaimba pa dima, ndipo abusa enieni a ng'ombe ku America anali kuimbira ng'ombe zawo usiku kuti zisadzidzimuke. Kuimbako sikunali kwa aliyense. John Wayne anayesa mu 1933, m'chithunzi cha Riders of Destiny, koma iye anali kungogwedeza milomo, woimba ali wina.

Chilema chilipo, ndipo n'chachikulu. Zithunzi zambiri za akauboyi zinali kuonetsa eni dziko, Amwenye a ku America, ngati anthu olusa, ndipo akauboyi akuda, amene analipo ambiri, zinali kuwabisa. Chifukwa cha ichi Herb Jeffries, woimba wakuda, anasewera kauboyi m'zithunzi zakezake monga The Bronze Buckaroo ya mu 1939. Tiyenera kuonera ndi maso otsegula, ndipo aphunzitsi athu a mbiri angapezepo phunziro la ulere.

Ngakhale makolo athu a ku migodi anazikonda zithunzi za akauboyi. Mayi wina wofufuza za anthu, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, analemba kuti oonera anali kutcha ngwazi iliyonse Jack, namakuwa ndi kuponya nkhonya m'mwamba pomuthandiza. Chingerezi cha ku Texas ambiri sanali kuchimva, koma nkhani anali kuitsata.

Wailesi yakanema itafala ku America zithunzi zimenezi zinazirala, ndipo chotsiriza cha Autry chinatuluka mu 1953. Koma zambiri zikalipo. Tsono ndipempha a komiti ya zosangalatsa kuti Loweruka lina madzulo atiikireko Under Western Stars mu holo. N'chachifupi ndithu, chidzatha belu lokagona lisanalire.