Majumbo ndi zinyalala zikutidyera ndalama kuchipatala

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilankhule ndi akuluakulu oona zachilengedwe, chifukwa kulekerera kwawo tikukulipira ndife ku famase.

Boma linaletsa majumbo opyapyala, osakwana ma micron 60, m'chaka cha 2015. Makampani anathamangira kukhoti, koma mu 2019 bwalo lalikulu la Supreme linagamula kuti chiletsocho chipitirire. Nanga bwanji mpaka lero ukagula tomato pamsika kapena chipisi pachiwaya akukuikira m'jumbo lomwe lija? Amapanga ndani? Amalowa bwanji m'dziko muno?

Mvula ikangogwa, majumbowa amatseka ngalande. Madzi amasefukira, n'kukokolola za m'zimbudzi kukathira m'zitsime ndi m'mitsinje. Akuluakulu inu, tsikani m'magalimotomo mukaime m'mbali mwa mtsinje wa Mudi kapena Nasolo. Madzi akuda bii, fungo lokhalokha, matewera a ana akuyandama, koma chakumunsi mayi akuchapa ndi kutsuka mbale pomwepo, poti madzi a pakiyosiki ndi ogula. Pamene madzi adikha, udzudzu ukuswana. Kenako tizidabwa kuti matenda otsegula m'mimba ndi malungo sakutha?

Kolera yomwe inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu opitirira 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira. Matenti, madiripi, klorini, katemera, zonsezo zinadya ndalama zankhaninkhani, pamene galimoto yotola zinyalala kwathu kuno imatha miyezi osaoneka. Ndalama yokonzera paipi ya suweji imasowa, koma yogulira diripi anthu atayamba kufa imapezeka. Nzeru zake ndi ziti?

Amati chipatala cha boma ndi chaulere. Mwana wa mchemwali wanga atatsegula m'mimba, tinalipira kabaza usiku, adokotala n'kutilembera mankhwala akuti, "Amenewa atha, kaguleni panja." Mayi ake anasiya geni sabata yonse akudikirira matenda, mpamba wonse n'kuthera pomwepo. Ndalama imeneyo siilembedwa mu bajeti ya unduna uliwonse, koma imachoka m'thumba la munthu wosauka.

A bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, lamulo la 2017 linakupatsani mphamvu. Tsekani mafakitale opanga majumbo oletsedwa, ndipo amene akutayira zoipa m'mitsinje alipitsidwe chindapusa chowawa. A makhonsolo, msonkho wa pamsika mumatolera tsiku ndi tsiku osaphonya. Tolaninso zinyalala chimodzimodzi. Tsegulani ngalandezi mvula isanayambe.

Mayi wokhumudwa,
Ndirande, Blantyre