Ndidangotsegula fayilo, m'nyumba mwazizira

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 27, ndili pabanja ndipo tili ndi mwana mmodzi. Ine ndi amuna anga timayendetsa kamalo kogona alendo ka zipinda 6 ku Chembe, ku Cape Maclear. Malowa ndi a kwawo kwa amuna angawo. Alamu anga, akulu awo a bambowa, ndiwo adalemba pulogalamu ya pakompyuta yomwe timalemberamo alendo ndi ndalama zomwe alipira. M'mawa uliwonse timaiyatsa podina Start pa XAMPP. Mu 2022 alamuwo adapita ku Joni ndipo chipitireni sadabwereko.

Vuto ndi loti mitengo ya zipinda adailemba m'kati mwa pulogalamu momwemo. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu November 2023, lisiti limatulukabe ndi mitengo yakale, ndiye timachita kufufuta ndi bolopeni alendo akuona. Manyazi ake! Ine ndidachita dipuloma ya makompyuta ndisadakwatiwe, koma ndikati ndikonze, amuna anga amati, "Za achimwene usakhudze."

Sabata yatha iwo atapita ku Monkey Bay kukagula katundu, ndidatsegula fayilo imodzi mu VS Code. Padatuluka mizere yofiira mbwee, ndidachita mantha n'kutseka. Mawa lake pulogalamu idakana kuyaka mpaka masana. Nditaulula, adakalipa kuti ndaononga, ndipo nkhani yafika kale kwa apongozi. Lero ndi tsiku lachinayi tikungoyankhana mwachidule. Kodi ndidaonongadi? Ndithandizeni.

Mayi wodandaula,
Cape Maclear

Mayi wodandaula,

Khazikani mtima pansi. Kutsegula fayilo kuli ngati kuvundukula mphika wa mnzako: ndiwo sizisintha kukoma pokhapokha utathiramo mchere. Ngati simudalembemo kanthu n'kusunga, palibe chomwe mudaononga, ndipo umboni ulipo. Pitani ku foda yomwe muli fayiloyo, muone pomwe palembedwa Date modified. Ngati tsiku lake ndi la 2022 kapena m'mbuyomo, aitaneni amuna anu adzaone okha. Osati mowanyogodola ayi, kungowaonetsa basi.

Za kukana kuyaka kuja, ine ndikukayikira MySQL, nkhokwe yomwe imasunga maina a alendo anu. Imakonda kuvuta kompyuta ikazima mwadzidzidzi, monga magetsi akathima. Kumbukirani bwino, kodi usiku umenewo magetsi adalipo?

Koma pena mudalakwa, ndipo ndikuuzani poyera. Mudadikira mwamuna atuluke kaye. Chinthu chochita mobisa, ngakhale chikhale chabwino, chimanunkha ukachipeza. Pepesani pa chimenechi chokha. Pa kufuna kukonza musapepese, chifukwa sukulu mudapita ndipo malo amenewo ndi omwe akudyetsa mwana wanu.

Muwamvetsenso bambowo. Mabanja ambiri a ku Mangochi ali ndi m'bale ku Joni, ndipo chomwe adasiya wopitayo chimasungidwa ngati chopatulika. Amuna anu akuopa kuti chikafa, akulu awo adzati, "Ndidakusiyira chinthu chamoyo." Ndiye yambirani komweko. Muwapemphe kuti muimbire limodzi alamu anu pa WhatsApp, ayankhule ndi iwowo poyamba. Alamu akavomera, apongozi sadzakhalanso ndi chonena. Pafoni pomwepo mufunse zinthu ziwiri: mitengo ili m'fayilo iti, nanga password ya nkhokwe ndi chiyani.

Tsopano za ntchito yeniyeniyo. Musagwire pa kompyuta yomwe mumalandirira alendo. Pulogalamu za XAMPP zimakhala mu foda ya htdocs. Koperani foda yonse ya pulogalamu yanu pa flash, muisamutsire pa laputopu ina, ndipo muzigwira pa kope limenelo.

Apa pali msampha womwe wagwetsa ambiri. Foda imeneyo muli malamulo a pulogalamu okha. Maina a alendo, masiku awo ndi ndalama zomwe adalipira sizili mmenemo, zili mu MySQL. Munthu amakopera foda n'kugona tulo tabwino, tsiku lomwe kompyuta yafa n'kupeza kuti wasunga nkhokwe yopanda chimanga. Tsegulani phpMyAdmin, sankhani nkhokwe yanu, dinani Export, musunge fayilo ya .sql yomwe ituluke. Ndikukayika ngati pali yemwe wachitapo zimenezi kwanuko chichokereni alamu anu. Ngati n'choncho, zaka zonsezi bizinesi yanu yakhala ikulendewera pa kompyuta imodzi, m'mbali mwa nyanja momwe muli chinyezi ndi mchenga. Chimenechi chikundiopsa kuposa mitengo yakaleyo. Muchite sabata ino, ngakhale musadagwirizane za kukonza.

Potsegula mu VS Code, musadine fayilo imodzi ngati mudachitira muja. Pitani pa File, kenako Open Folder, musankhe foda yonse. Fayilo imodzi imaitana zinthu zomwe zili m'mafayilo anzake, ndiye ukaitsegula payokha, nthawi zambiri mizere yofiira imachuluka chifukwa anzakewo sakuoneka. Kuyambira 2021, VS Code imafunsa ngati mukuwakhulupirira omwe adalemba zomwe zili mu fodayo. Za alamu anu mutha kuvomera, koma foda yomwe mwangoitola pa intaneti muzikana kaye mpaka mutaiwerenga.

Mukatsegula, manja kumbuyo. Tsiku loyamba n'lowerenga basi. Onani ngati muli README, kalata yomwe olemba mapulogalamu amasiyira obwera pambuyo. Onaninso ngati muli foda yobisika ya .git, pakuti imeneyo imasunga mbiri ya zonse zomwe alamu adasinthapo ndipo imalola kubwerera m'mbuyo mukaphonya. Ngati mulibe, iyambitseni nokha musadasinthe kalikonse. Kenako dinani Ctrl+Shift+F, mulembe mtengo wakale wa chipinda. Kompyuta ikuonetsani paliponse pomwe nambalayo ili. Musadabwe kuipeza malo atatu kapena anayi, ndipo mukasintha pamodzi pokha lisiti ndi lipoti la mwezi zidzasemphana.

Sinthani mtengo umodzi, yesani pa laputopu, tulutsani lisiti la mlendo wongopeka. Amuna anu akhale pambali panu pamene lisitilo likutuluka, alione ndi maso awo. Zikayenda, musamutsire ku kompyuta ya alendo pa tsiku lopanda anthu, osati pa Khirisimasi kapena Pasaka pomwe ku Cape Maclear kumadzaza.

Ndipo flash ija muisunge kunyumba, osati mu diloo ya tebulo lomwe pali kompyutayo. Mudzandilembere kuti alamu ati chiyani.

Azakhali