Mwana Wosalembedwa M'buku, Adzamufunafuna Ndani?

Anzanga, pa mudzi pathu, kufupi ndi Ulónguè, pali escolinha. Ndi nyumba ya zidina, denga lake la udzu. M'mawa mumalowa ana aang'ono a zaka 3 mpaka 5. Madzulo timalowamo ife akuluakulu kudzaphunzira kuwerenga ndi kulemba. Nyumba ndi imodzi, bolodi ndi limodzi.

Tsiku lina ndinapeza buku la maina a ana atavundikira nalo ndowa ya madzi. Ndinalitsegula. Masamba atatu okha ndiwo anali olembedwa. Maina ambiri analibe dzina la mayi kapena la bambo. Tsiku lobadwa panalibe ngakhale limodzi. Ndinafunsa cifukwa cake. Bambo wina wa m'komiti anandiyankha kuti: "Aphunzitsi, kuno tonse timadziwana. Buku n'laciyani?"

Ine mau amenewa ndikuwakana. Mverani cifukwa cake.

Nyengo ina ya dzinja, mtsikana wa zaka 4 analeka kubwera ku escolinha. Anali mwana wofatsa, wokonda kukhala kumbuyo. Sabata inatha. Yaciwiri inatha. Yacitatu inathanso. Mphunzitsi wa ana anali yekha pakati pa gulu lalikulu, wina akulira, wina akumenya mnzake, phala lili pamoto. Sanazindikire kuti mmodzi wasowa. Mayi wina wa m'kalasi mwathu anapita kukapala moto kunyumba kwa mwanayo. Anampeza ali gone pamphasa, miyendo itatupa, tsitsi litafiira. Amake anali ku ganyu kutsidya kwa malire. Agogo ake, okalamba ndi osaona bwino, ankati ndi malungo, atha okha. Tinamutengera ku cipatala pa njinga. Mwanayo anacira, koma anatsala pang'ono kutisiya.

Tsono ndikufunsa: ngati tonse timadziwana, zinatheka bwanji kuti mwana asowe sabata zitatu popanda womufunsa? Tikanamaitana maina m'mawa ulionse, tsiku lacitatu buku likanationetsa malo atatu opanda cizindikiro. Wina akanapita kukamuona. Mutu wa munthu wotopa umaiwala. Pepala silitopa.

Nkhani yaciwiri ndi ya zaka za mwana. Lamulo la maphunziro la dziko lathu, Lei 18/2018, likuti mwana ayambe kalasi yoyamba ali ndi zaka 6. Koma ife timayeza bwanji? Timauza mwana kuti apitirize dzanja pamwamba pa mutu, agwire khutu la mbali inayo. Akalephera timati: "Sanakule, adikire caka camawa." Abale, dzanja si kalendala. Ana athu ambiri ndi opinimbira cifukwa ca kucepa kwa cakudya. Mwana wa zaka 8 amaoneka ngati wa zaka 5. Njala inamulanga kale, ife tikumulanganso pomucedwetsa sukulu. Mtsikana woyamba mocedwa amatha msinkhu akadali m'makalasi apansi. Anzake aang'ono amamuseka, iye amacita manyazi, amasiya, kenako tikumva kuti akumukwatitsa. Zonsezi zinayambira pa tsiku lobadwa limene sitinalembe.

Tsiku limeneli silovuta kulipeza. Lili pa khadi la ku sikelo limene mayi amalandira ku cipatala. Lilinso pa pepala la kubadwa locokera ku Registo Civil. Mphunzitsi akamalemba mwana, apemphe kuona mapepala awiriwa. Pamenepo adzadziwa mwana amene sanalembetsedwe ku boma, ndipo adzauza makolo kuti apite msanga. Mwana wopanda pepala la kubadwa sangadzatenge BI akakula. Wopanda BI amabwezedwa pa zitseko zambiri.

Nkhani yacitatu ndi ya matenda. Mu 2022 poliyo, matenda opuwalitsa miyendo, anapezeka mwa mwana wa ku Changara. M'caka comweco ana 8 a m'cigawo cathu ca Tete anapezeka nawo. A zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kudontheza katemera m'kamwa mwa ana. Munthu wotere akafika pa escolinha amafunsa: ana alipo angati? Amene sanabwere lero amakhala kuti? Amene ali ndi buku amayankha nthawi yomweyo. Amene alibe amaloza ndi cala uku ndi uku, ndipo mwana wa kuseri kwa phiri amatsala.

Ndikudziwa kuti agogo athu ena amaopa buku. Sindikuwaseka. Mantha ao ali ndi mizu. M'nthawi ya atsamunda, kulembedwa dzina kunali ciyambi ca mavuto. Dzina likalowa m'buku la chefe do posto, pambuyo pake pankabwera msonkho wa nyumba, sipayo ndi cibalo. Anthu ankabisa ana ao aamuna kuti asalembedwe. Iwo anali ndi nzeru pakutero. Koma taganizani, buku lija linali m'manja mwa yani? Linali m'manja mwa mdani, lolembedwa m'cilankhulo cimene eni maina sankacimva. Pamene dziko linalandira ufulu mu 1975, mwa anthu 10 alionse oposa 9 sankadziwa kuwerenga. Munthu sakanatha kuona zimene amulembera.

Buku la escolinha ndi lina. Lili pa mudzi pathu. Wolemba ndi mwana wa pa mudzi pathu. Ndipo ife tsopano tikuwerenga. Mayi ali ndi ufulu wotsegula pa mzere wa mwana wake, kuwerenga, ndi kunena kuti: "Apa mwalakwitsa, mwana wanga anabadwa mwezi wa Juni." Agogo, musaope buku limene inu muli eni ake. Buku loopsa ndi limene amakubisirani.

Kumbukiraninso nkhondo imene inatha mu 1992. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Ana ambiri anasiyana ndi makolo panjira. Amene ankafunafuna abale a anawo ankayamba ndi maina: dzina la mwana, dzina la amake, dzina la mudzi. Lero kuli mtendere kuno, koma madzi alipo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa Revúbuè. Madzi akabwera usiku anthu amabalalika. M'mawa mwake wina ayenera kuimirira ndi buku ndi kuwerenga ana mmodzimmodzi.

Tsopano ndilankhule ndi amene amalemba buku, koma mwacinyengo. Alipo. Ena amadikira kutha kwa mwezi, akamva kuti kukubwera alendo, amakhala pansi usiku ndi kudzaza zizindikiro masiku onse, ngati kuti palibe mwana anadwalapo. Buku lotere ndi labodza, liposa kuipa buku losalembedwa, cifukwa limagoneka anthu tulo. Ena amaonjezera maina a ana amene kulibe, kuti ufa wa phala ubwere wambiri, wotsala agawane. Amati: "Sitikubera munthu, ndi za bungwe." Ai, mukubera mwana. Thumba lobwera cifukwa ca dzina labodza lacoka pa mbale ya mwana weniweni wa mudzi wina. Ndipo tsiku limene bodza lidzaululike, thandizo lidzaima, adzagona ndi njala ndi ana athu omwe. Kumeneku ndi kuba. Tikuchule dzina lake.

Koma mlandu wonse tisausenzetse mphunzitsi wa ana. Mayi ameneyu amagwira nchito yolemetsa, malipiro ake ndi ocepa, mwina palibe n'komwe. Ndani anamugulira kope? Ndani anamugulira colembera? Ndani anakhala naye pansi kumuonetsa kujambula mizere? Komiti imakumana pa nkhani ya nkhuni ndi ya ndalama, koma buku siliifunsa. Alendo amabwera pa galimoto, amafuna ciwerengero, amalemba m'makope ao, amapita. Mlandu ndi wathu tonse.

Ena amati escolinha ndi malo osewerera basi, safuna mapepala. Mverani izi. Ku Gaza, pakati pa 2008 ndi 2010, bungwe la Save the Children linathandiza midzi kutsegula ma escolinha, ndipo ofufuza a Banki ya Dziko Lonse anatsatira anawo. Anapeza kuti mwa ana amene anapita ku escolinha, mwai wokhala pa sukulu ya pulaimale unakula ndi 24 pa 100. Anadziwa bwanji zimenezi? Sanalote. Ana anali olembedwa, ndipo anawatsatira ndi maina ao. Ifenso tikafuna kupempha boma kuti litiwonjezere mphunzitsi kapena mjigo, tidzapita ndi ciyani? Kunena kuti "ana ndi ambiri" sikusuntha munthu. Kunena ciwerengero ceniceni, maina ali pamenepo, kumasuntha.

Nanga m'buku tilembemo ciyani? Mwana aliyense akhale ndi mzere wake. Tilembe dzina lake lonse, monga lilili pa khadi la ku sikelo, osati dzina lamasewera. Tilembe tsiku, mwezi ndi caka cobadwa. Tilembe ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Tilembe dzina la mayi, la bambo, kapena la amene akumulera, ndi dera limene amakhala. Ngati pali foni, tilembe nambala. Tilembe amene amaloledwa kudzamutenga. Tilembe ngati ali ndi pepala la kubadwa. Tilembe tsiku limene anayamba. Akacoka, tisafafanize dzina lake, koma tilembe tsiku ndi kumene wapita: ku kalasi yoyamba, kapena kusamuka. Mwana wolumala alembedwe ngati anzake onse.

M'kope laciwiri tiziitana maina m'mawa ulionse, phala lisanagawidwe. Mwana akasowa masiku atatu otsatizana, mmodzi wa m'komiti apite kunyumba kwao tsiku lomwelo. Tilembe ndi inki, osati pensulo. Buku tiziliika m'pepala lapulasitiki, m'bokosi lacitsulo, kutali ndi ciswe ndi mvula yodontha.

Cinanso cacikulu: buku ndi la ana, si la pa msika. Mlendo asalijambule ndi foni popanda komiti kudziwa kuti iye ndani ndi cimene akufuna. Matenda a mwana kapena mavuto a banja lake asawerengedwe pa msonkhano. Tikasunga cinsinsi, makolo adzanena zoona. Tikaulula, adzayambanso kubisa ana.

Anzanga a m'kalasi ya akuluakulu, nchito iyi ndi yathu. Mau oyamba amene tinaphunzira kulemba ndi dzina lathu. Aciwiri akhale dzina la mwana wathu ndi tsiku lake lobadwa. M'kalasi mwathu amayi awiri anadzipereka kuthandiza kuitana maina, wina Lolemba mpaka Lacitatu, wina Lacinai ndi Lacisanu. Amawerenga pang'onopang'ono, cala cili pa mzere, koma salumpha dzina. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati ndi wako, udziwe dzina lake, udziwe zaka zake, udziwe kumene wagona lero.

Mawa m'mawa pitani ku escolinha. Pemphani buku. Funani mzere wa mwana wanu. Ngati palibe, musacoke mpaka alembedwe.

Tikambirane

1. Kodi pa escolinha ya kwanu buku la maina amasunga ndani, ndipo amalisunga pati?

2. Ndi ana angati a pa mudzi panu amene akwanitsa zaka 6 koma sanayambe kalasi yoyamba?

3. Lembani m'kope lanu dzina lonse la mwana wanu kapena mdzukulu wanu, ndi tsiku, mwezi ndi caka cimene anabadwa.