Tamulakwira Don Fox

Taganizirani za Don Fox. Pa 11 May 1968, ku Wembley mumzinda wa London, Leeds ndi Wakefield Trinity adalimbirana chikho cha Challenge Cup pa masewero a rugby league, bwalo litasefukira ndi mvula. Pa mphindi yomaliza, Wakefield ikutsalira 11–10, Fox adangofunika kumenya mpira kuti udutse pakati pa mitengo ya golo, iye ali pamaso pake penipeni. Mpira udalowera pambali, chikho n'kupita ku Leeds.

Kufikira lero, dzina lake likatchulidwa anthu amakumbukira kuphonyako, ndipo ine ndikuti kumeneko n'kumulakwira. Kodi mukudziwa kuti atolankhani adali atamusankha kale kuti alandire Lance Todd Trophy, mphoto ya wosewera amene waposa onse tsikulo?