DISO LA PAKHOMA SILIGWIRA MBALA

Za mu Lusaka, ndi Mtolankhani Wathu

Ena mwa inu amene mwapitako ku Lusaka m'zaka zino kukaceza kwa ana anu mwaona kanthu koyera, kooneka ngati kacipanda, kali phee pansi pa malata a grosale ku Matero kapena pamwamba pa cipata ku Mtendere. Kanthuko ndi kamera. Kale zinthu zotere zinali za mabanki a mu mseu wa Cairo ndi za anthu a ndalama a ku Kabulonga. Lero wogulitsa simenti ku Kanyama ali nayo, mai wa kantemba ku Chawama ali nayo, ndiponso ku Kalingalinga, kumene osula zitseko ndi mawindo a zitsulo amayala katundu wao m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata, makamera ayamba kuoneka.

Cifukwa cake sicisowa kufunsa. Boma linaika makamera ake m'miseu ikuluikulu ya mzinda, pa nchito yochedwa Safe City imene inapatsidwa kwa kampani ya ku China ya ZTE pa mtengo wa madola 210 miliyoni. Koma diso la makamera amenewo silingafike m'tinjira tonse ta mu George, momwe ngakhale galimoto imalowa movutikira nthawi ya dzinja. Conco munthu amene waberedwa kawiri amatenga ndalama zimene anasungira malata, napita ku Kamwala kukagula makamera anai ndi kabokosi kake. Nkhaniyi ikukhudzani inunso a kumudzi, pakuti mawa mwana wanu adzakupemphani kuti mugulitse matumba a soya kuti aike makamera pa shopu, kapena adzabwera nao yekha kudzawamanga pa cigayo ndi pa khola la ng'ombe.

Coyamba kudziwa ndi cakuti kamera si mlonda. Siikuwa, siithamangitsa munthu, ndipo mbala yolimba mtima imathyola citseko kamera ikuyang'ana. Nchito yake ndi ya mboni, ndipo mboni imene siikumbukira zimene inaona ilibe phindu pa bwalo la milandu. Tsono kamera payokha siikumbukira kanthu. Cimene cimasunga zithunzi ndi kabokosi kaja. Ogulitsa amakachula kuti DVR ngati makamera ali a mawaya a mtundu wakale, kapena NVR ngati ali a mawaya a kompyuta, amene waya umodzi ungathe kunyamula zithunzi ndi magetsi pamodzi. M'kati mwa kabokosiko muli nkhokwe ya zithunzi imene amati hard disk, ndipo imadzala monga nkhokwe ina iriyonse. Kamera imodzi yojambula usana ndi usiku ingadye magigabaiti pafupifupi 20 pa tsiku. Makamera anai adzadya 80, ndipo nkhokwe ya magigabaiti 1,000 idzakhala itadzala masabata awiri asanathe. Ikadzala siileka kugwira nchito ai. Imayamba kufafaniza zakale mwakacetecete ndi kuikapo zatsopano. Mwini shopu amene wazindikira kumapeto kwa mwezi kuti shuga ndi mafuta ophikira zikucepa, akapita kukafufuza tsiku limene zinayamba kusowa, adzapeza kuti mboni yake inaiwala kale.

Pulogalamu ya m'kabokosimo ingauzidwe kuti izijambula pokhapokha cinthu cikayenda, ndipo potero nkhokwe imacedwa kudzala. Koma m'komboni ndi liti pamene zinthu siziyenda? Masana ndi nkhuku ndi ana, usiku ndi agalu ndi tizilombo touluka tokopeka ndi kuwala kwa kamera. Amene akukuikirani makamera mumuuze kuti asonyeze pulogalamuyo malo okhawo ofunika, monga khomo ndi windo, osati bwalo lonse.

Kabokosiko musakaike pa thebulo pafupi ndi TV kuti alendo akaone. Akawalala a masiku ano adziwa kuti nkhope zao zili m'menemo, ndipo kadzapita pamodzi ndi TV yomweyo. Kabiseni kudenga kapena m'kabati yokhoma yolowa mphepo. Kwa a ku Kanyama, kumene madzi a mvula amalowa m'nyumba caka ndi caka, malo apamwamba ali ndi phindu lina lapadera.

Ndiye pali nkhani ya magetsi. Tonse tikukumbukira cilala ca 2024, pamene madzi anacepa m'damu la Kariba ndipo ZESCO inafika pozimitsa magetsi maola 17 pa tsiku, nthawi zina kuposa apo. Komboni ikada bii ndi pamene mbala imayenda, ndipo ndi pamenenso kamera yopanda batire imatseka maso. Ubwino wake ndi wakuti makamera anai ndi kabokosi kao sadya magetsi ambiri. Onse pamodzi saposa babu limodzi lakale la mawati 60, ndipo batire la sola la 100Ah lodzala bwino lingawacezetse usiku wonse. Kwa ine, makamera awiri okhala ndi batire aposa asanu ndi atatu opanda batire, ngakhale kuti wogulitsa sadzafulumira kukuuzani zimenezi.

Pomanga kamera ambiri amaikweza pamwamba kwambiri poopa kuti ingabedwe, ndipo zimene imajambula ndi zipewa ndi mitu ya anthu cabe. Ikhale pamene munthu sangaifike ndi dzanja, koma iziona nkhope ya wolowa pakhomo. Isayang'ane kotulukira kapena kolowera dzuwa. Ndipo sabata iriyonse wina akwere pa mpando acotse ukonde wa kangaude, cifukwa usiku ukondewo umawala nubisa zonse za kumbuyo kwake.

Cimene cimakopa anthu kwambiri ndi kuona nyumba yao pa foni ali kunchito kapena ali kumaliro ku Petauke. Zimenezi zitheka kabokosi kakalumikizidwa ku intaneti, koma khomo limene inu mwatsegula kuti muziona, ena angalowerenso pomwepo. Zipangizo zambiri zotsika mtengo zimacoka ku fakitale ndi mau acinsinsi ofanana, monga admin kapena 12345. M'caka ca 2014 kunadziwika malo ena a pa intaneti amene anali kuonetsa poyera zithunzi za makamera oposa 73,000 a m'maiko osiyanasiyana, ena a m'nyumba za anthu, cifukwa eni ake sanasinthe mau amenewa. Mu 2016 pulogalamu yoipa yochedwa Mirai inalowa m'makamera ndi m'timabokosi tambirimbiri mwa njira yomweyo. Koma tisapite kutali. Mnyamata amene wakumangirani makamera nayenso adziwa mau anu acinsinsi, ndipo angathe kudziwa ali kwao kuti banja lonse lapita kuchalichi. Akangomaliza nchito nimumulipira, sinthani mauwo inu eni. Kamera ya kucipinda cogona musaivomere konse.

Walira mvula walira matope. Nyumba za m'komboni zinamangidwa mothithikana. Pa poloti imodzi pangakhale mabanja asanu ndi limodzi, pompi imodzi, cimbudzi cimodzi ndi bafa yopanda denga. Mwini poloti akamanga kamera pa ngodya ya nyumba yake, diso lake silidziwa malire. Lidzaona amene walowa kwa mai wa lendi usiku, lidzaonanso mtsikana wa pafupi akusamba. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loteteza nkhani za munthu payekha, lochedwa Data Protection Act, koma mwambo wathu unaletsa kusuzumira m'bafa ya mnzako lamulolo lisanalembedwe. Musanabowole khoma, itanani anansi, muwaonetse zimene kamera idzaona, ndipo ngati ikulowa pamene siiyenera, itembenuzeni. Pulogalamu zambiri zimalolanso kuphimba mbali ina ya cithunzi kuti isajambulidwe. Anansi amene mwawafunsa ndi omwe angasonkheko ya batire, kuti kamera imodzi iziyang'ana kanjira ka nyumba zinai.

Cimene cimandidetsa nkhawa koposa zonse ndi m'mawa mwake mwa kuba. Munthu wakwiya, wapeza cithunzi, ndipo dzanja limayabwa kuti acitumize pa WhatsApp kapena pa Facebook ndi mau akuti mbala ndi iyi. Cithunzi ca usiku cimakhala cotuwa, copanda mitundu, ndipo anyamata ovala zipewa amaoneka ofanana onse. Kuciyambi kwa 2020, mbiri ya anthu opopera mankhwala m'nyumba itayamba ku Chingola nifalikira mpaka m'makomboni a Lusaka, makamu a anthu okwiya anapha anthu pafupifupi 50 m'dziko muno mowaganizira cabe. Nthawi imeneyo mphekesera yokha inali yokwanira. Nanga kudzakhala bwanji khamu likakhala ndi cithunzi m'manja, cimene aliyense akhulupirira kuti sicinama? Amene angaphedwe angakhale mwana wanu amene munamtumiza ku Lusaka kukafuna nchito, wongofanana ndi wina msinkhu ndi jekete.

Zithunzi zotere malo ake ndi kupolisi. Koperani mbali imene mukufunayo pa ka flash disk tsiku lomwelo, nkhokwe isanafafanize, nimupite nako ku polisi ya m'dera lanu, inunso musunge kena kunyumba. Apolisi adzafunsa tsiku ndi ola, ndipo ku khoti woimira woimbidwa mlandu adzafunsanso zomwezo. Pa cifukwa ici yang'anani koloko ya kabokosi nthawi iriyonse magetsi akazima ndi kubweranso. Kabatire kakang'ono ka m'kati kakatha mphamvu, kolokoyo imasokera, ndipo kuba kwa Lacitatu lapitali kudzaoneka pa cithunzi ngati kunacitika zaka zambiri zapitazo, nyumbayo isanamangidwe nkomwe.